Eti mapiritsi a BP amayeretsa khungu? Tiyeni tione komwe nkhaniyi yachokera

Sabata yatha mlamu wanga amene amagulitsa zodzoladzola pa Kamuzu Road pano pa Salima ananditumizira uthenga usiku ndithu, akuti alamu tandiuzeni zoona inu mumaphunzitsa sayansi, pa gulu lathu la WhatsApp anthu akuti asayansi apeza kuti mankhwala a BP amayeretsa khungu, ndiye ena ayamba kale kufunsana ngati angasinje mapiritsi a amayi awo nkuthira mu mafuta odzola. Ndinawayankha pompo kuti alamu musayerekeze dala, koma nditagona mtima sunakhale pansi, chifukwa nkhaniyi ili ndi pomwe yachokera, kafukufuku wake alipodi, kungoti pofika pa foni zathuzi yadulidwa mutu ndi miyendo yomwe. Ndiye ndati ndilembe bwinobwino, amene ali ndi bandulo awerenge mpaka pansi.

Tiyambe ndi khungu lenilenilo. Pansi pa chikopa chapamwamba pali maselo otchedwa melanocyte, ntchito yawo ndi kupanga utoto uja timati melanin. Akapanga amaulongedza mu timatumba ting'onoting'ono nkugawira maselo oyandikana nawo, selo imodzi ya melanocyte imagawira anzake pafupifupi 36, ndipo anzakewo amatenga timatumbato nkutiika pamwamba pa DNA yawo ngati ambulera kuti dzuwa lisaiononge. Chomwe ambiri sadziwa nchakuti ine wakuda bii ndi mzungu wa ku London tili ndi ma melanocyte ochuluka pafupifupi mofanana, kusiyana kuli pa kuchuluka kwa utoto omwe akupanga, mtundu wake, ndi kukula kwa timatumba tija basi. Ngakhale abale athu achialubino ma melanocyte ali nawo, chomwe chimavuta ndi kapangidwe ka utotowo, ndipo pa kalembera wa 2018 anawerengedwa anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Amene amakhala kuno kunyanja akudziwa mmene dzuwa la Okutobala limawazunzira abale athuwa, zilonda za pamilomo, pakhosi, mpaka khansa ya pakhungu. Melanin ndi chishango, ichi tichisunge kaye mmutu.

Mmisiri wamkulu wopanga melanin ndi enzyme yotchedwa tyrosinase. Imatenga tyrosine, yomwe timaipeza mu zakudya zomanga thupi monga usipa, nyemba ndi mazira, nkuisandutsa L-DOPA kenako dopaquinone, kuchoka apo njira imapitirira mpaka utoto. Tsono apa ndi pomwe nkhani imandikomera ine: tyrosine yomweyo ndi L-DOPA yemweyo ndi zomwenso thupi limayambira popanga dopamine, noradrenaline ndi adrenaline, timadzi tija timakupangitsa mtima kugunda di di di ukakumana ndi njoka panjira. Utoto wa khungu ndi timadzi ta mantha ndi ana a mimba imodzi. Ndiye sizodabwitsa kuti asayansi anayamba kufunsa ngati awiriwa amalankhulana.

Adrenaline salowa mkati mwa selo. Amafika pakhomo nkunena odi, ndipo pakhomopo pali womva odiyo, ameneyo ndiye receptor. Mu 1948 Raymond Ahlquist wa ku America anaona kuti omva odiwa alipo a mitundu iwiri, anawatcha alpha ndi beta, pambuyo pake anthu anawagawanso kukhala alpha1, alpha2, beta1, beta2 ndi beta3. Beta1 ndi wochuluka mu mtima, akamva odi mtima umathamanga. Beta2 ali mu timachubu ta mmapapo, akamva odi timatseguka, nchifukwa chake munthu wa mphumu amapopera salbutamol mkamwa, mankhwala amenewo amaodira pa beta2. Alpha1 amafinya mitsempha ya magazi. Tsono blocker ndi mankhwala omwe amakakhala pakhomo paja phee osanena kanthu, adrenaline akabwera apeza malo atengedwa, odi wake samveka. James Black wa ku Scotland ndi amene anapanga propranolol mzaka za m'ma 1960 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1988, ndipo atenolol amene agogo ambiri amalandira kuchipatala chifukwa cha BP ndi wa banja lomwelo.

Nanga khungu zikulikhudza bwanji? Mkati mwa melanocyte muli kamthenga kotchedwa cAMP, kali ngati mwana amene amathamanga kuchoka pakhomo kukanena kuseri kuti kwabwera alendo. cAMP ikachuluka imadzutsa PKA, PKA imadzutsa CREB, CREB imakauza kapitawo wamkulu wotchedwa MITF, ndipo kapitawoyu ndi amene amalamula kuti pangani tyrosinase wambiri pamodzi ndi anzake awiri TRP-1 ndi TRP-2. Njira yodziwika kwambiri yoyambitsira zonsezi ndi ya dzuwa: cheza cha UV chikamenya khungu maselo amatulutsa timadzi totchedwa alpha-MSH, iyeyo amaodira pakhomo lotchedwa MC1R, cAMP imakwera, munthu amada. Koma beta2 nayenso akamva odi amakweza cAMP yomweyo. Ndipo ntchito ya Karin Schallreuter ndi anzake kuyambira mzaka za m'ma 1990 inaonetsa kuti maselo a pakhungu amatha kupanga okha timadzi ta mtundu wa adrenaline, osadikira kuti tichokere kwina, komanso kuti melanocyte ya munthu ili ndi khomo la beta2. Makomo awiri, mwana wothamanga mmodzi. Ndiye funso linabwera lokha, titatseka khomo la beta utoto ungachepe?

Asodzi a ku Senga Bay amaiona nkhani imeneyi ndi maso ngakhale saitchula mayina amenewa. Nsomba ikadzidzimuka imatuwa pa kanthawi kochepa, ndipo chambo chachimuna china chimada bii nthawi yoswana. Mu khungu la nsomba muli maselo a utoto omwe mitsempha ikatulutsa noradrenaline, kudzera pakhomo la alpha2 lomwe limatsitsa cAMP, timatumba ta utoto timathamangira pakati pa selo nkuunjikana, nsomba nkuoneka yotuwa. Koma chenjerani, nsomba imangosuntha utoto omwe ulipo kale, pomwe munthu amachita kupanga watsopano ndipo zimatenga masiku, musayembekeze kuti mukachita mantha muyera. Kwa ife zoyamwitsa nkhani yofanana nayo ndi ya imvi. Mu 2020 gulu la Ya-Chieh Hsu ku Harvard linaonetsa mu mbewa kuti nkhawa yaikulu imapangitsa mitsempha kuthira noradrenaline wambiri pa mizu ya ubweya, maselo osungira omwe amabereka ma melanocyte atsopano amadzuka onse nthawi imodzi nkuchoka pamalo pake, nkhokwe nkutha, ubweya wotsatira umamera woyera. Khomo lake linali beta2 lomwe lija. Apa mukuona kale kuti nkhaniyi siyoongoka, noradrenaline yemweyo pena akuwonjezera utoto pena akuthetsa nkhokwe ya opanga utoto, zimatengera selo yake ndi mlingo wake.

Tsopano tifike pa mmene asayansi amasefera mankhwalawa kuti aone omwe angachepetse utoto, apa ndi pamene anthu a pa WhatsApp aja anadumpha. Ma blocker alipo ambirimbiri, propranolol, atenolol, metoprolol, bisoprolol, timolol, labetalol, carvedilol, komanso a alpha monga prazosin, doxazosin ndi yohimbine. Simungatenge anthu nkumawapaka amenewa mmodzimmodzi kuti muone yemwe ayere, kumeneko nkupha anthu. Ndiye amayamba ndi maselo olimidwa mu labu. Ine ndimaziona ngati kukoka khoka, umaponya kwakukulu ukudziwa kuti mubwera zambiri, nsomba zenizeni, timiyala, zinyalala, ntchito yaikulu ili pamchenga posankha.

Amatenga kambale ka pulasitiki kokwana pachikhatho, kali ndi timaenje 96, tina timakhala ndi 384. Mu kadzenje kalikonse amaikamo maselo opanga utoto ochuluka mofanana pamodzi ndi madzi a chakudya chawo, nkuika mu bokosi lofunda ngati lija lofungatira mazira, kutentha madigiri 37 ngati thupi la munthu, mpweya wa carbon dioxide 5 peresenti. Maselo ake ambiri amagwiritsa ntchito B16F10, omwe anachokera ku khansa ya pakhungu ya mbewa, chifukwa amakula msanga ndipo savuta, ena amatenga melan-a kapena Mel-Ab omwenso ndi a mbewa koma si a khansa, ndipo amene ali ndi ndalama ndi chipiriro amalima ma melanocyte enieni a munthu omwe amakula pang'onopang'ono komanso chakudya chawo nchodula. Mankhwala aja amawasungunula mu madzi osungunulira otchedwa DMSO nkudontheza, kadzenje aka propranolol pang'ono, aka wochulukirapo, aka carvedilol, chonchobe, ndipo mlingo uliwonse amaubwereza mu timaenje titatu kapena kuposa kuti zisakhale zamwayi. Timaenje tina amathiramo DMSO yekha kuti akhale poyerekezera, tina amathiramo zinthu zodziwika kale kuti zimachepetsa utoto monga arbutin kapena kojic acid, kuti ngati nazonso sizikuonetsa kanthu adziwe kuti vuto lili pa kayezedwe kawo. Nthawi zambiri amawayambanso dala maselowo ndi alpha-MSH kapena forskolin, mankhwala okweza cAMP, kuti ade kwambiri, kusiyana kuoneke bwino.

Pakapita masiku atatu kapena anayi amatsuka maselo aja, kuwasungunula mu sodium hydroxide wotentha, madziwo amasanduka ofiirira, ndiye makina amawalitsa kuwala kudutsa mu kadzenje kalikonse nkuyeza kuti kwamwedwa kochuluka bwanji. Kwamwedwa kwambiri ndiye kuti melanin ngwambiri. Nthawi zina ngakhale ndi maso umaona, ukazunguza maselo pa makina nkukhala pansi pa kachubu, ena akuda ngati makala ena otuwa ngati phulusa.

Koma apa ndi pomwe pali msampha waukulu, ndipo ndikufuna alamu anga ndi onse ogulitsa zodzola amve bwino. Kadzenje kakhoza kutuwa pa zifukwa ziwiri, mwina maselo ali moyo bwinobwino koma achepetsa kupanga utoto, kapena maselo afa. Munda wopanda chimanga chifukwa mwini sanadzale ndi munda wopanda chimanga chifukwa wapsa ndi moto, ukaima patali yonse ndi yopanda chimanga. Ndiye pambali pa kuyeza utoto amayezanso moyo wa maselo, kawirikawiri ndi njira ya MTT yomwe inafotokozedwa mu 1983, mankhwala achikasu omwe selo yamoyo imawasandutsa a mtundu wa pepo, yakufa siingathe. Mankhwala omwe achepetsa utoto komanso apha maselo amatayidwa, chimenecho ndi chiphe basi. Izi si zongolemba m'mabuku ayi. Ku Japan mu 2013 kampani ya Kanebo inachotsa pamsika mafuta oyeretsa omwe munali rhododendrol, anthu oposa 19,000 atatuluka mawanga oyera pankhope, pakhosi ndi mmanja, chifukwa tyrosinase imasandutsa mankhwalawo kukhala chinthu choononga melanocyte yomweyo. Amenewo anali mafuta oti anadutsa mu labu ndi mmaofesi ovomereza, osati osakaniza mu beseni kuseri kwa nyumba.

Mwina wina afunsa kuti bwanji kuvutika ndi maselo, osangotenga tyrosinase yekha mu chubu nkuona mankhwala omwe akumuletsa? Njira imeneyo ilipo ndipo ndi yotchipa, amagwiritsa ntchito tyrosinase wa mu bowa, yemwe uja amapangitsa bowa kapena mbatata kuda ukaidula. Koma ili ndi mavuto awiri. Loyamba, tyrosinase wa bowa ndi wa munthu ndi osiyana, ofufuza a kampani ya Beiersdorf ku Germany atayesa zinthu 50,000 pa tyrosinase wa munthu weniweni anapeza kuti zina zotchuka zomwe zimagwira bwino pa wa bowa zimafooka kwambiri pa wa munthu. Lachiwiri ndi lofunika kwambiri pa nkhani yathuyi, blocker ntchito yake ili pakhomo, kutali ndi mmisiri uja. Mu chubu mulibe khomo, mulibe cAMP, mulibe kapitawo MITF, ndiye mankhwala otseka khomo akhoza kuoneka opanda ntchito chonsecho mu selo yamoyo akugwira. Selo yathunthu yokha ndi yomwe ingakuonetse uthenga wonse kuchokera pa odi mpaka pa utoto.

Omwe apulumuka pa sefa yoyambayi amalowa mu mafunso ovuta. Kodi mukawonjezera mlingo utoto ukutsikanso motsatira? Kodi MITF watsikadi, tyrosinase watsikadi, akayeza mapuloteni ndi uthenga wa majini? Kodi zomwe zaoneka mu maselo a mbewa zikuonekanso mu a munthu? Ndipo kodi nchifukwa cha khomo lija zoona, kapena mankhwalawo akuchita zina mwa njira ina? Funso lomalizali limavuta, chifukwa mu timaenje muja nthawi zambiri amathira mlingo wokwera kuposa omwe umapezeka mmagazi mwa munthu amene akumwa mapiritsi, ndipo pa mlingo wokwera mankhwala amayamba kugwira makomo ena omwe si ake.

Kafukufuku amene ndikuganiza kuti ndi gwero la mphekesera ija ndi wa ofufuza a ku South Korea, anatuluka mu 2020, wokhudza carvedilol. Carvedilol ndi mankhwala a mtima ndi BP omwe amatseka beta1, beta2 komanso alpha1 pang'ono. Iwo anapeza kuti mu ma melanocyte a munthu ndi mu Mel-Ab a mbewa, melanin ndi mphamvu ya tyrosinase zinatsika maselo osafa, MITF, tyrosinase, TRP-1 ndi TRP-2 zonse zinatsika, CREB anafooka, ndipo atathira forskolin yemwe amakweza cAMP mosadutsa pakhomo, utoto unabwerera, chomwe chikusonyeza kuti njira yake ndi ya cAMP ija. Anapitanso patsogolo nkuyesa pa tizidutswa ta khungu la munthu tosungidwa tamoyo mu mbale, atatiwalitsa ndi UV, ndipo utoto unachepa. Ndi ntchito yabwino ndithu, ine ndimailemekeza. Koma taonani pomwe yathera, maselo mu kambale ndi kachidutswa ka khungu mu mbale. Kachidutswa kameneko kalibe mtima oti ungachedwe kugunda, kalibe mapapo oti angatsekeke, kalibe mimba ya miyezi isanu.

Ndipo cholinga cha anthu ofufuza zimenezi tichimvetse, akufunafuna thandizo la matenda a utoto, monga mawanga akuda aja amatuluka pamasaya ndi pachipumi kwa amayi ambiri akakhala oyembekezera kapena akamamwa mapiritsi ena olera, omwe madokotala amati melasma, komanso zipsera zakuda zotsala pambuyo pa ziphuphu kapena chilonda, zomwe zimativuta kwambiri ife akhungu lakuda. Mankhwala akale monga hydroquinone ali ndi mbiri yowawa, ku South Africa mu 1975 madokotala anafotokoza za amayi omwe atadzola nthawi yaitali khungu linada moipa ndi timadontho tobiriwira tosachoka, matenda otchedwa ochronosis, mpaka dzikolo linaletsa hydroquinone mu zodzoladzola mu 1990. Ndiye kufuna njira ina yofatsa ndi chinthu chanzeru. Komanso kutenga mankhwala akale nkuwapezera ntchito yatsopano kunathandizapo kale pakhungu pomwepa, mu 2008 madokotala a ku Bordeaux ku France anaona kuti propranolol amafwetsa zotupa zofiira za mitsempha zomwe ana ena akhanda amakhala nazo, ndipo lero ndi mankhwala odalirika a vutolo. Koma zinafika pamenepo atayesa pa odwala mwadongosolo, mlingo woyezedwa malinga ndi kulemera kwa mwana, dokotala akuyang'anira mtima ndi shuga.

Nanga kusinja piritsi nkuthira mu mafuta kungatani? Piritsi linapangidwira mmimba, mbali yaikulu ndi ufa wongoligwirizitsa, simudziwa kuti mankhwala alowa ochuluka bwanji kapena alowa nkomwe. Akapanda kulowa mwangotaya mankhwala a amayi anu, iwo BP nkukwera, sitiroko ili pafupi. Akalowa ndiye nkhani ina, chifukwa ma blocker ena ndi ang'ono mokwanira kudutsa khungu, makamaka khungu lomwe lapyapyala kale ndi mafuta a steroid monga clobetasol omwe ali mu timachubu tambiri ta pamsika. Kuti muone kuti zochepa zimakwana, timolol, beta blocker wa mmaso amene amapatsa odwala matenda a maso otchedwa glaucoma, ndi kadontho chabe, koma amatha kulowa mmagazi nkuchedwetsa mtima kapena kutseka chifuwa cha munthu wa mphumu, nchifukwa chake dokotala amafunsa kaye za mphumu asanalembe. Ma beta blocker amathanso kubisa zizindikiro za kutsika kwa shuga kwa amene ali pa insulin, ndipo kwa ena amadzutsa matenda a khungu otchedwa psoriasis. Tsono ganizani mtsikana wadzola thupi lonse, mmawa ndi madzulo, kutentha kwa Salima kuno.

Mlamu wanga atamva zonsezi anandifunsa funso lomwe linandikhudza, akuti nanga alamu kasitomala wanga uja wa mawanga pamasaya amene anayamba atabereka mwana wachiwiri, amalira akamadziyang'ana pagalasi, ndimuuze chani? Ndinawauza kuti ayambe ndi dzuwa, chifukwa khomo la MC1R lija limatseguka tsiku lililonse akamayenda kuchoka ku Lifuwu kubwera kumsika opanda chipewa, ndipo melasma imakula ndi dzuwa ngakhale utamwa kapena kudzola chani. Chipewa chachikulu, ambulera, mafuta oteteza ku dzuwa ngati angakwanitse, asiye kaye timachubu tosadziwika tija, ndipo apite kuchipatala akaonedwe, akanene ngati ali pa mapiritsi olera kuti a zaumoyo aone ngati pangafunike kusintha njira. Lachisanu alamu anandiimbira kuti mayi uja wabwera atavala chipewa cha mlaza chachikulu chija amaluka kuno, ndipo akuti kuchipatala apita Lolemba.